Mbuzi imene sinali ya boma

Ndili ndi mbuzi zinayi pakhomo pano, ndipo palibe imene ndimaimanga. Dzinja likafika, anzanga onse atamanga zawo pa zikhomo kuti zisadye mmera, ine zanga ndimazisiya m'khola la chitseko chongotsamiritsa, n'kumakazimwetera udzu ndekha ndi msana wothawu. Nthawi zina zimakankha chitsekocho n'kukadya chimanga cha eni, ine n'kupepesa. Adzukulu anga amati ukalamba wandilowa m'mutu. Ndimawasiya anene, pakuti iwo sanaone chingwe chimene ndinaona ine.

Zinali zaka za chipani chimodzi, zija munthu sunkalowa mumsika wa Thuchila wopanda khadi la chipanicho. Ine ndinali mlangizi wa amayi m'kabungwe kena ka mpingo kothandiza anthu ogweredwa ndi tsoka. Ndinali ndi njinga yakuda, chikwama cha mapepala, ndi kamwa losachedwa kupsa. Dzinja la m'mbuyo mwake madzi ochokera m'phiri anali atakokolola minda ya m'midzi ya m'tsinde. Chimanga, nandolo, chinangwa, zonse zinapita. Thandizo la ufa linabwera, anthu anadya, ufa unatha, njala n'kubwereranso pamalo pake.

Akuluakulu athu anati tiwapatse anthu chinthu choti chiziswana, chimene munthu angathawireko chaka chikavuta. Amayi a m'midzimo ku banki sankadziwako, ndipo makalabu a feteleza ankafuna munthu wa munda waukulu, pamene kwathu kuno minda ikuluikulu ndi ya tiyi. Tinagwirizana za mbuzi. Amayi ankapanga gulu, ena n'kulandira mbuzi yathadzi, ena n'kudikira. Mbuzi ikaswa, mwana wamkazi woyamba ankapita kwa mayi wodikira, ndipo zotsalazo zinali zako, kaya ugulitsa, kaya usunga. Papepala la malamulo panalinso mzere wina, wachisanu, umene ndingathe kuunena pamtima mpaka lero. Unkati mbuzi ikafa ndi matenda, ikagwidwa ndi fisi, kapena ikapita ndi madzi, woisungayo alibe mlandu.

M'mudzi woyamba ndinawerenga malamulo onse, lachisanu lomwe, mokweza ndi mwa ulemu. Isanathe miyezi itatu, mbuzi ziwiri zinali zitagwidwa ndi fisi. Afisi a m'mudzi umenewo anali anzeru ndithu, ankadziwa kusenda chikopa n'kuchiyanika padenga la khitchini. Ina inadyedwa pamaliro, ina mwamuna anaigulitsa kuti akalipire msonkho. Abwana anga anandiitana ku ofesi ku Chitakale n'kundifunsa ngati ndinkapita kukalangiza anthu kapena kukagawa ndiwo. Ndinatuluka m'menemo makutu akutentha, ndikulumbira kuti m'mudzi wachiwiri simudzasowa mbuzi ngakhale imodzi.

Masiku amenewo msonkhano sunkachitika popanda tcheyamani wa chipani wa m'deralo. Tsiku logawa mbuzi m'mudzi wachiwiriwo anabwera, anthu n'kuimba, n'kuvina, kenaka iye n'kuimirira. Anati mbuzi mukuzionazi zabwera chifukwa cha boma lathu lokonda anthu, ndipo wotaya mbuzi imodzi watukwana boma. Ine ndinali pabenchi, ndikudziwa bwino lomwe kuti boma silinaikepo ngakhale mchira. Mbuzizo zinagulidwa ndi zopereka za Akhristu anzathu akunja. Kutsutsa tcheyamani pagulu kunali kudziitanira mavuto, zimenezo n'zoona, ndipo kwa zaka zambiri ndinkadzitonthoza nazo. Koma ndinene chilungamo, mumtima ndinakondwera. Ndinaona nkhope za amayi aja zitagwa ndi mantha, ndipo ndinati afisi a kuno sadzayerekeza. Itafika nthawi yanga yowerenga malamulo, ndinawerenga loyamba mpaka lachinayi, n'kudumpha lachisanu, n'kupita pa lachisanu ndi chimodzi.

Mwa olandira munali amayi ena amasiye, a nyumba yomaliza kumunsi kwa mudzi, pafupi ndi kamtsinje kotsika m'phiri. Anali aafupi, a mawu aakulu, ndipo ankaseka ndi thupi lonse. Makolo awo anachokera ku Mozambique kalekale kudzatchola tiyi. Iwowo anabadwira konkuno, komabe ankaopa kuti tsiku lina akadzalakwira boma adzauzidwa kuti abwerere kwawo, kumene nthawi imeneyo kunali nkhondo ndipo sankadziwako munthu. Mwana wawo mmodzi yekha, wamkazi, anali wokwatiwa, ankatchola tiyi ku esiteti n'kumakhala m'nyumba za kampani. Amayiwo anapatsidwa mbuzi yoyera ya mutu wakuda. Ankailankhula Chilomwe, akuti Chichewa sinkamva.

Ndinkawakonda amayi amenewa. Ndikafika pakhomo pawo sankandilola kuchoka ndisanadye kalongonda, nyemba zija zakupha zikapanda kupsa, amene anali atamuphika tsiku lathunthu. Ankandiseka kuti mkazi wokwera njinga ngati mtengatenga sadzapeza mwamuna, ine n'kuwayankha kuti amuna ndawaona, njinga n'njabwino. Tsiku lina tili pamphasa, mbuzi ikudya makoko a nthochi pambali pathu, anasiya kuseka n'kundiyang'ana.

"Alangizi, ndifunse nawo. Mbuzi imeneyi itati yafa, amanga ndani? Ine?"

Pepala lija linali m'chikwama, chikwama chili pamiyendo panga. Ndinangoti, "Inu mayi, ingoisamalani. Zinthu za boma mukuzidziwa."

"Ndikuzidziwa," anatero. "Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka."

Tinaseka tonse, ndipo ndinapitiriza kudya kalongonda wawo.

Mbuzi ija inali yovuta. Mvula itagwa, chimanga chitamera, mudzi wonse unamanga mbuzi pa zikhomo monga umachitira chaka chilichonse. Anthu kumeneko amamanga mfundo yongokoka, ija ukagwira nsonga ya chingwe n'kukoka kamodzi yamasuka. Mbuzi ya amayi aja inaitulukira mfundo imeneyi. Inkaluma nsonga, n'kukoka, n'kukalowa m'munda wa mlongo wake wa tcheyamani. Ulendo wachiwiri mwini munda anaopseza kuti akaipezanso aithyola mwendo. Amayi aja anabwera kwa ine akudandaula, osati chifukwa cha chimanga cha eni, koma chifukwa cha mwendo wa boma.

Bambo anga ankagwira ntchito ya matabwa m'phiri, pa Chambe, kusenza matabwa a mkungudza kutsika nawo phiri. Anandiphunzitsa ndili wamng'ono mfundo yomangira mtolo wa matabwa, yozungulira kawiri n'kudzilowa yokha, imene ukamaikoka ndi pomwe imalimbira. Ndinagwada pa chikhomo cha amayi aja, pa msipu wa m'mbali mwa kamtsinje, n'kuwaonetsa. Anayesa katatu, kachinayi anaitha. Ndinanyada kwabasi. Ndinawauza kuti iyi ngakhale njovu singaimasule, iwo n'kuombera m'manja. Chimene bambo ankanenanso, chakuti chingwe cha khonje chikanyowa chimatupa ndipo mfundo imeneyi imafuna mpeni, sindinachikumbuke tsiku limenelo.

Pofika kumapeto kwa dzinja, mbuzi zonse za m'mudzimo zinali zamoyo ndi zonenepa. Ya amayi aja inali ndi bere looneka. Mayi wodikira mwana wa mbuziyo, mnansi wawo wa ana asanu, ankabwera madzulo alionse kudzaisisita pamimba. Abwana anga anandiyamikira pamaso pa anzanga, nati alangizi ena akaphunzire kwa ine. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ndinapita kumudziko Lachisanu lina kuti ndikaone makola. Mvula inayamba ndili komweko, ndipo sinaleke. Msewu unasanduka phala, njinga sikanayenda, choncho ndinagona kwa aphunzitsi ena pafupi ndi tchalitchi, chimene chinamangidwa pachitunda kumtunda kwa mudzi. Inagwa usiku wonse, Loweruka lonse, n'kudzafika Lamulungu m'mawa. Phiri silinkaoneka. M'mawa umenewo inadukiza pang'ono, anthu n'kutulutsa mbuzi zimene zinali zitakhala ndi njala masiku awiri, kukazimanga pa msipu. Ena anayamba kukwera kubwera ku tchalitchi.

Choyamba chinali phokoso. Tinamva mkokomo kuchokera m'phiri, wosaleka, ndipo nthaka inkanjenjemera kumapazi. Kenaka kunabwera fungo la dothi lofukulidwa kumene. Mkulu wina wa mpingo anakuwa kuti, "Napolo! Napolo akutsika!" Kwathu kuno mwana aliyense amakula akumva za Napolo, chinjoka chokhala m'kati mwa phiri, chimene chikafuna kusamuka chimatsika ndi madzi, miyala ndi mitengo. Ine wa sukulu ndinkati n'nthano. Tsiku limenelo ndinathamanga ngati wina aliyense.

Anthu a kumunsi anakwera chitunda atabereka ana, ena atasenza mphasa, wina atanyamula mtondo osadziwa chifukwa chake. Odutsa pa zikhomo zawo ankangokoka nsonga ya chingwe osaima, mbuzi n'kumathamanga nawo limodzi. Amayi aja phokoso linawapeza ali kale panjira yobwera ku tchalitchi, atavala mpango wawo woyera wa Lamulungu. Anafika pachitunda ali wefuwefu. Ndinawaona ndi maso angawa ataima pabwalo la tchalitchi, amoyo, opanda bala.

Ndiye kumunsi kunamveka kulira kwa mbuzi imodzi.

Anatembenuka. Mnansi wawo uja, wodikira mwana wa mbuziyo, anawagwira chitenje.

"Achemwali, isiyeni! Mwanayo sindikumufunanso, isiyeni!"

"Si yanga ine, si yanunso," anatero amayi aja. "Ndi ya boma. Ndikayankha chiyani?"

Anamasula chitenjecho n'kumusiyira m'manja, n'kuyamba kutsika.

Ine ndinali pamenepo, mtunda woti munthu akhoza kumva bwino. Ndinakuwa. Mulungu ndi mboni, ndinakuwa mpaka mmero kuwawa. Ndinati, "Mayi, bwererani! Bwererani!" Koma mawu amene akanawaimitsa anali ena, ndipo ndinkawadziwa. Anali mawu atatu okha, si ya boma. Tcheyamani anali ataima pambali panga, phewa lake likugunda langa, ndipo mudzi wonse unali pabwalopo. Mawuwo anafika pakamwa, ine n'kuwameza, n'kukuwanso kuti bwererani. Ndinaona mpango woyera ukulowa m'nthochi za kumunsi.

Madzi amene anabwera sanali madzi. Anali matope akuda, okwera kuposa denga la nyumba, atasenza mitengo ndi mizu yomwe, ndi miyala yaikulu kuposa nkhokwe ikugundana ngati ikuphwanyidwa. Anadutsa kumunsi kwa mudzi kanthawi kochepa chabe. Atadutsa, pamene panali nyumba zomaliza, nthochi, msipu ndi kamtsinje, panali chidikha cha miyala yoyera.  Tinangoima.

Kenaka pa kanjira ka m'mbali mwa chitunda panatulukira mbuzi yoyera ya mutu wakuda, yamatope mpaka m'mimba, ikukwera pang'onopang'ono chifukwa cha bere, ikukoka chingwe. Inafika pabwalo n'kuyamba kudya udzu. Anthu anayang'ana kumbuyo kwake, kudikira. Panjirapo sipanatulukenso munthu.

Ndine amene ndinatola chingwecho. Ndinkafuna kupeza kuti chaduka, kapena kuti chikhomo chazuka, kuti ndiziti mbuzi inadzipulumutsa yokha ndipo amayi aja sanafike n'komwe. Chingwe chinali chathunthu. Nsonga yake inali yopindikapindika pamene panali mfundo yanga, ndipo khonjeyo inali yonyotsoka, yotafunidwa, yofiira pang'ono. Amayi aja anafikadi pachikhomo. Zala zitakanika, anagwada pamatope n'kuimasula ndi mano. Mfundo ya kumudziko akanangokoka kamodzi n'kuthawa limodzi ndi mbuziyo.

Amuna anafunafuna masiku ambiri, kutsata miyala mpaka ku mtsinje wa Thuchila. Anthu ena anapezeka, amayi aja ayi. Abale anachita monga timachitira mtembo ukasowa. Anadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga m'nsalu ndi mumphasa, n'kuliika m'manda. Ine ndinaimba nawo nyimbo pamaliropo. Mnansi uja anabwera ndi chitenje chija chochapa, chopinda bwino, n'kuchiika m'dzenje. Tcheyamani analankhula, nati malemuwa anali chitsanzo cha mayi wosamala katundu wa boma. Anthu anavomereza, ine n'kuyang'ana pansi.

Ntchito inapitirira. Tinagawa mabulangete, mapoto, mbewu ya nandolo. Amene anali ndi mbuzi anagulitsa ana ake n'kugula udzu ndi mitengo yomangira, ndipo sindinganame, mbuzi zija zinadzutsa mabanja ambiri. Abwana anga ankazitchula pa misonkhano. Ine ndinayamba kudana ndi kulira kwa mbuzi mvula ikamagwa. Ndikamva, ndinkasiya chimene ndikuchita n'kutuluka panja, ngakhale ndikudziwa kuti ndi ya anansi ndipo ili m'khola. Mpaka lero ndimatuluka.

Mbuzi ya mutu wakuda anaitenga mwana wa malemu uja. Sindinamufunse, sindinaifune, ndinkapemphera kuti ndisadzaionenso. Koma chilimwe chitafika, tsiku la msonkhano wa gulu pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi tchalitchi, tinamuona akubwera. Anali mayi wamtali, wowonda, zala zake zakuda ndi utomoni wa tiyi. Anali atayenda wapansi kuchokera ku esiteti, akukoka kamsoti ka mbuzi koyera, ka mutu wakuda ngati make.

Anagwada patali pang'ono, napereka moni kwa onse, kenaka anayang'ana ine.

"Alangizi, ndabweretsa mwana uja. Pepani ndachedwa, ndimadikira kuti aleke kuyamwa. Ku nyumba za kampani salola mbuzi, ndiye ndimaibisa m'bafa, kapitawo angaione. Amayi ankati ikadzaswa tisadzachedwetse, aboma angadzatitenge ngati akuba."

Anamangirira kambuziko pa muzu wa mango. Ndinayang'ana manja ake. Anazunguliza chingwe kawiri, n'kuchilowetsa, n'kukoka.

"Mfundo yanu ija," anatero, akumwetulira pang'ono. "Anandiphunzitsa amayi. Ankati ngakhale njovu."

Pamenepo ndinalephera kupirira. Tcheyamani tsiku limenelo kunalibe, ndipo zimenezi ndikuzinena dala, kuti wina asanditame kuti ndinalimba mtima. Ndinatsegula chikwama, n'kutulutsa pepala lija, n'kuwerenga lamulo lachisanu mokweza, kawiri. Kenaka ndinawauza amayi onse kuti mbuzi zija sizinali za boma, sizinakhalepo za boma, ndipo ija ikanapita ndi madzi palibe akanafunsa malemu ngakhale funso limodzi. Ndinawauza kuti anandifunsa okha tili pamphasa, ine n'kuwabisira. Ndinkalira ngati mwana, mamina ali chuchuchu, ine amene ndinkadziwika ndi ukali.

Ndinkayembekezera kuti anditukwana. Ndinkafuna kuti anditukwane, kapena andimenye ndi chingwe chomwecho.  Mnansi uja anaphimba nkhope ndi mpango. Mwana wa malemu anakhala chogwada, akuyang'ana pepala limene linali m'manja mwanga, limene sakanatha kuliwerenga.

"Zalembedwa pamenepo?" anafunsa.

"Eya."

"Zinalembedwa kale, amayi ali moyo?"

"Eya, mayi."

Anayang'ana pa muzu paja. Kambuzi kaja kankakoka chingwe, mfundo n'kumalimba.

"Tsiku lija pachitunda munalipo, eti alangizi?"

"Ndinalipo."

"Anthu amandiuza kuti munakuwa kwambiri." Anaimirira, nasasa fumbi m'maondo. "Ine ndinkakuthokozani mumtima."

Anawerama pa muzu paja kuti amasule kambuziko akapereke kwa mnansi uja. Chingwe chinali chouma, dzuwa lili phwee, panalibe chomuthamangitsa, komabe mfundo inakana. Anaitokosa ndi zikhadabo, anaipotoza, anaisiya n'kuyambanso. Panalibe amene anadzuka kukamuthandiza, ngakhale ine amene. Tonse tinakhala pansi pa mango tikumuonerera, aliyense akuwerenga mumtima kutalika kwa nthawi imene inkapita.

Pomaliza anagwada, n'kuika chingwecho kukamwa.